Tikiti Yopanda Katundu

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kutali komwe muliko. Kuno tonse tilipo. Amayi bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino, ndipo achimwene akadali pa ntchito yawo yakale ija yodikira kuti zinthu ziyende. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo ine ndikangomva liwu lanu ndimayamba kuvomera zilizonse ngati mwana wasukulu. Lero muwerenge mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti chisiyireni sukulu ndakhala ndikukonza masutikesi ndi zikwama kushopu ya Abwana Zipi. Ndasoka zogwirira, ndasintha matayala, ndawongola maloko a anthu opita kumaiko onse a pansi pano, koma mwiniwakene sindinaolokepo malire a dziko lino. Chaka chino ndinati basi, nanenso ndikaoneko. Ndinadzimana, ndinayamba kuyenda pansi popita kuntchito, ndinatenga pasipoti, ndipo Abwana anandipatsa tchuthi atang'ung'udza mokwanira. Kandalama kake n'kochepa, kongokwanira ulendo umodzi wa munthu wosanyada, ndipo sindikudziwa ngati ndidzapezenso kena. N'chifukwa chake nkhani ya kopita inandizunguza mutu. Maiko apafupi ndi otchipa koma ndinkaopa kukapeza zomwezi zakwathu. Akutali ndi okoma m'maso, koma viza yake amakufunsa mpaka kumene anabadwira agogo ako, kenaka n'kukukaniza.

Alangizi sanasowe. Munthu ukangotchula za ulendo, aliyense amasanduka katswiri, ngakhale amene sanafikepo kuseri kwa msika. Achimwene anati ndipite kumene mafoni amatchipa, ndikagule ambiri, iwo adzagulitse, phindu tidzagawane. Kugawa kwawo mukukudziwa. Kasitomala wina, mayi amene amabweretsa sutikesi yake yofiira akangobwera ku ulendo, anati ndipite kumzinda wa nyumba zazitali kumene amapita iye, ati kumeneko ndiye kunja kwenikweni. Nditamufunsa zimene anaonako, ananditsegulira zithunzi pafoni: iye pakhomo la sitolo, iye pamasitepe oyenda okha, iye atagwira kapu. Munthu kukwera ndege ulendo wonse uja kuti akajambulitse ndi kapu.

Ndiye munaimba inu. Munati, "Ukuvutikiranji kusankha? Bwera kuno udzapume, za pogona ndi chakudya usadere nkhawa." Achemwali, sindibisa, ndinalira ndi chimwemwe. Zaka zonsezi simunandiitanepo, moti ndinkaganiza kuti mwina mumachita nane manyazi pamaso pa anzanu ophunzira. Tsiku limenelo ndinasoka zipi chozondoka, Abwana n'kundifunsa ngati ndapeza mwamuna. Akuluakulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Abwana anandibwereka sutikesi yaikulu imene mwini wake anaisiya kalekale osadzaitenganso. Ndinaikonza bwino, ndinaikamo diresi langa latsopano ndi nsapato zazitali zimene sindinavalepo, n'kuisiya pabalaza. Kuisiya poonekera ndiye kunali kupusa kwanga, chifukwa pa ntchito yangayi ndikudziwa chimene chimathyola sutikesi. Si ndege, si onyamula katundu ayi, ndi achibale. Sutikesi iliyonse imene imabwera kushopu itang'ambika pakamwa, matayala atakhota, mwini wake ukamufunsa amayankha chimodzimodzi, kuti anthu anamupatsira zinthu.

Mbiri itamveka, pakhomo pathu panasanduka positi ofesi. Azakhali anabweretsa makatani a mwana wawo amene akuti amakhala pafupi nanu, ngakhale sakudziwa kuti pafupipo ndi pati. Aneba aja amene satilankhula anabwera ndi moni wambirimbiri komanso phukusi lomata ndi tepi mbali zonse, ati ndisavutike kutsegula, ndi tinthu wamba. Achimwene, ataona kuti za mafoni zakanika, anaponyamo nsapato yawo imodzi yakutha kuti alamu akaonere saizi powagulira zatsopano. Aliyense ankati kake n'kakang'ono, sikalemera. Ndikaweruka madzulo ndinkapeza sutikesi itatupa kuposa mmene ndinaisiyira m'mawa, ndipo ine ndinkangoseka, poti mtima unali kale kwa inu.

Loweruka ndinaweruka msanga n'kupeza amayi atagwada pasutikesi paja. Diresi langa linali pampando, nsapato zanga zili mbwee pansi. M'malo mwake ankapindiramo maepuloni awiri ndi masilipasi anga ochapira. Ndinawafunsa mwaulemu chimene ankachita.

"Nanga diresi ukalivala kuti?" anatero osandiyang'ana n'komwe. "Wantchito wawo uja anachoka, ndipo akulu ako masiku ano akuweruka mochedwa. Iwe uzikakhala m'nyumba ndi ana. Sanakuuze?"

Simunandiuze. Amayi ankadziwa, achimwene ankadziwa, ndipo ndamva kuti alamu anayamikira kwambiri nzeru imeneyi, ati ndi yotchipa kuposa kulemba wantchito wina popeza tikiti ndigula ndekha. Amayi anawonjezera kuti tchuthi chikhoza kutalikitsidwa, Abwana amvetsa, chibale ndi fupa sichiola. Mwambi umenewu pabanja pathu umatuluka pokhapokha pakakhala ntchito yoti ndigwire ine. Sindinakalipe. Ndinatola diresi langa, ndinalikutumula fumbi, n'kukalipachika kuchipinda.

Lolemba pa nthawi yopuma ndinapita ku ofesi yogulitsa matikiti, ija ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Mayi wamagalasi amene amagwira mmenemo anayamba kundionetsa mahotela okhala ndi madamu osambira, anthu atagona padzuwa ngati alibe kwawo. Ndinamuuza kuti asadzitopetse, thumba langa silifika kumeneko. Ndinati ndikufuna dziko losavuta viza, kumene munthu angagone motchipa n'kumayenda pansi osaopa, ndipo chachikulu pa zonse, kumene kulibe m'bale wanga aliyense, ngakhale m'bale wa aneba. Anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola, kenaka anati sindine woyamba kupempha zimenezo.

Anandipezera kadziko kakang'ono kumene nyengo ino kukugwa mvula, alendo athawako, ndiye zonse zatsika mtengo. Akuti kuli mapiri, sitima yapamtunda yakale yoyenda mwaulesi, ndi nyumba ya alendo kumene umalipira bedi lokha m'chipinda cha akazi okhaokha n'kumadziphikira wekha. Kenaka anatsitsa mawu ngati akundiuza za maliro. Anati tikiti yotchipitsitsa ili ndi vuto lake: salola sutikesi, koma kachikwama kamodzi kokwana pansi pa mpando, ndipo ukagula wagula, sasintha komanso sabweza ndalama. Iye ankayembekeza kuti ndigwa mphwayi. Ndinamuuza kuti andidulire imeneyo pomwepo, ndipo ndinatsika masitepe aja ndikumva kupepuka.

Kunyumba kunali maliro enieni. Amayi anakhala pansi n'kugwira tsaya, ati ndawachititsa manyazi kwa anthu onse amene anabweretsa katundu. Zoti mwana wawo wamkazi akupita yekhayekha kudziko lachilendo sanafunse n'komwe, nkhawa yawo inali pa makatani a azakhali. Achimwene analifufuza dzikolo pafoni, nkhope ili tsinya, n'kulengeza kuti kulibe chogula, kulibe chogulitsa, ndalama ndaponya m'madzi.

"Kumeneko kuli chiyani choti munthu n'kupitira?" anafunsa.

"Zimene ziliko sindikuzidziwa, achimwene," ndinayankha. "Ndikudziwa amene kulibe."

Chiyambire tsiku limenelo sakundilankhula, ndipo m'nyumba muli mtendere umene sindinauonepo. Eni maphukusi akubwera mmodzimmodzi kudzatenga zawo. Azakhali ananyamula makatani awo akulalata kuti ana amasiku ano alibe umunthu, koma sanaiwale kumwa tiyi asananyamuke. Aneba aja asiyanso kupereka moni, ndiye zinthu zabwerera mwakale.

Musaganize kuti ndalimba mtima kwenikweni. Ndikuopa. Sindinakwerepo ndege, ndipo chilankhulo chawo ndikudziwapo moni ndi kafunsidwe ka chimbudzi basi. Mwina ndikasochera tsiku loyamba lomwelo, mwina ndikathera masiku onse pawindo ndikuyang'ana mvula ndi buledi m'manja, achimwene n'kudzapeza choseka chaka chonse. Zikatero zitero, ndikasochera ndekha popanda wondituma. Dzina la dzikolo sindilemba muno, chifukwa ndikukudziwani. Pofika mawa mukhala mutapeza mnzake wa mnzanu amene ali ndi kaphukusi kosalemera.

Chimene chikundiwawa ndi ichi, achemwali. Mukanandiuza zoona, kuti mwapanikizika ndipo mukufuna wokugwirirani ana, ndikanang'ung'udza ndithu koma ndikanabwera, chifukwa ndinu akulu anga ndipo munandibereka kumsana. Koma inu munati ndidzapume. Munadziwa mawu amene ndakhala ndikuwadikira zaka zonsezi, n'kuwaika pambedza. Khalidwe limenelo ndalinyoza, ndipo ndikulinyozabe pamene ndikulemba pano.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze ayambe kufunafuna wantchito, ndipo ameneyo azimulipira. Ana muwafungatire m'malo mwanga, muwauze kuti ali ndi amayi awo aang'ono amene akulakalaka kudzawaona tsiku lina ngati mlendo, atavala bwino. Inu ndakusowani kwambiri, kuposa mmene mukuyenerera. Ndamva kuti munapempha kale chilolezo kuntchito kuti mukandichingamire kubwalo la ndege. Pitani kuntchito, achemwali, pa anthu otsika tsiku limenelo ine sindikhalapo.

Ndine mng'ono wanu yemwe uja,
Chitsirizira wa amayi