Timiyala pa Manda a Mayi Rute

Achimwene,

Asalaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno amayi miyendo ikuwavutabe, enafe tilipo.

Mayi Rute, mayi achiyuda ndinkawaphikira ku Malindi aja, atisiya. Paja Lachisanu lililonse ankasonkhanitsa Ayuda anzawo n'kuwatsogolera mapemphero, amuna ndi akazi mphasa imodzi, ife Asilamu oyandikana nawo tikuwathandiza kuphika. Pa maliro panabwera Ayuda atatu okha, onse amuna, ndiye thupi tinasambitsa ndife, n'kulikulunga m'sanda.

Patapita sabata ndinapeza timiyala pamanda. Ndinapsa mtima, ndimati ndi ana osewera, ndinatisesa. Mmodzi wa atatu aja, bambo okalamba, atamva anagwetsa misozi. Akuti kwawo wodzaona manda amasiyapo mwala, kuti womwalirayo asaiwalike. Timiyalato tinali titatu tokha, achimwene, ine n'kusesa.

Chipinda ankapemphereramo chija chatsekedwa, makiyi ali ndi ine, ndipo chiswe chayamba kudya mabuku awo. Chonde, funsani kumeneko sunagoge wolola akazi kutsogolera mapemphero, muwauze atumize munthu adzaone za mabukuwa.

Allah akusungeni. Dzulo ndinakaika mwala wanga pamanda paja, koma uli wokhawokha.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu