Alamu Akuti Njati Yanga Ndi Ngolo

Aphungu,

Ndikudziwa kuti museka, koma sekani pang'ono kenako mundithandize, chifukwa Loweruka layandikira ndipo ine mutu waima.

Kwathu ndi ku Nkaya, m'boma la Balaka, koma ndili pachikamwini kuno ku Chikweo. Ntchito yanga ndi ya kabaza, njinga yopalasa. Mkazi wanga Dalesi ali ndi achimwene ake, a Latifu, amene amapikula nsomba kunyanja ya Chiuta, ndipo ndiwo eni mbumba pabanja pano. Pamene ndinkafunsira, a Latifu sanandifune. Sananene poyera, koma zaka zonsezi moni wawo unali wongoponya akudutsa. Pakagwa maliro kapena ukwati, anzanga akukhala pansi kukambirana, ine ndinali wokatenga mipando ndi njinga. Poti mkamwini sakula mwendo, ndinkangomeza.

Zinasintha chifukwa cha gemu ya pafoni. Ndi gemu ya pa intaneti, ya nkhondo zamakedzana, ya malupanga ndi zilombo, ndipo anthu amasewera m'magulu a asanuasanu. Kuno netiweki imagwira bwino pachulu china kuseri kwa chigayo, ndiye masana a Loweruka azibambo amadzaza pamenepo ngati akufula inswa. Tsiku lina ndikudikira mayi wina kuti ndimunyamulire ufa, gulu la a Latifu linapereweza munthu mmodzi. A Latifu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anasendera n'kundipatsa mbali ya thumba lomwe anakhalira. Aphungu, chikwatirireni kunali koyamba kuti munthu ameneyu andisenderere. Ndinakhala pansi msangamsanga n'kutulutsa foni.

Mugemumu msilikali aliyense amakhala ndi nyama yokwera popita kunkhondo. Ena ali ndi akavalo, a Latifu ali ndi nyalugwe, ine ndinapeza njati. Nyama ikakula, gemu imakupatsa mipata itatu yoti uisankhire luso, ndipo ukasankha wasankha. Anzanga onse anathamangira zoopsa: liwiro, ukali, zikhadabo zaululu. Ine ndinasankha monga momwe ndimasankhira njinga pamsika. Munthu wa kabaza amayamba wagwedeza kaliyala, kenako aone matayala, kenako afunse ngati njingayo ingapirire ulendo. Ndiye njati yanga ndinaipatsa Msana Wotakata kuti izinyamula munthu wachiwiri, Ziboda Zogwira kuti isamaterereke m'matope, ndi Mpweya Wautali kuti isamatope. Nyanga Zamoto ndi Chipumi Chachitsulo ndinaziona, koma ndinati izi n'zokongoletsera chabe, ngati magalasi ndi maluwa a pahandulo.

Poyamba palibe anadandaula. Nyalugwe wa a Latifu ndi waliwiro koma ngwosalimba, amafika msanga n'kugwanso msanga. Nyama ikagwa, mwini wake amatsala wapansi pakati pa adani, ndipo akapanda womunyamula kubwerera naye kumsasa, zake zada. Ndiye nkhondo iliyonse, pachulu pamamveka mawu omwewo: "Alamu, kuno! Alamu, fulumirani!" Ine n'kupita, n'kuwakweza, n'kudutsa nawo padambo pomwe akavalo a anthu amatitimira. Mawu oti "alamu" amenewo kale sankatuluka m'kamwa mwawo.

Loweruka lapitali tinakumana ndi gulu lina la ku Liwonde. Tinawathamangitsa mpaka analowa m'linga lawo n'kutseka chipata. Nyama yothyola chipata ndi njati, ndiye onse anatembenukira kwa ine. Njati yanga inafika pachipata paja, inachigunda, chipata sichinamve n'komwe. Inagundanso, zii. Inkangooneka ngati ikupempha kuti aitsegulire. Nthawi inatha, tinaluza. A Latifu anaika foni m'thumba n'kunena anthu onse akumva kuti, "Anzathu tabwera kunkhondo, alamu abwera ndi ngolo." Chulu chonse chinafa ndi phwete. Panopa ndikamadutsa pachigayo ndi kasitomala, azimayi omwe sadziwa n'komwe gemuyi akumandikuwa kuti a Ngolo.

Mawa lake a Latifu ananditumizira mphatso mugemu momwemo. Ndi botolo la madzi oiwalitsa, oti ukamwetsa nyama imaiwala maluso onse atatu n'kusankhanso mwatsopano. Munthu amapatsidwa botolo limodzi lokha panyengo yonse ya masewera. Langa ndinalitaya kalekale poliyesera pa bulu wa mugemumo, ndisanadziwe ntchito yake, ndiye ili n'lawo lenileni. Titakumana panjira anangoti, "Imwetseni, muike nyanga, chipumi ndi ukali. Loweruka sindifuna kuonanso ngolo." Pali msuweni wawo, Abdulrahim, amene wakhala akudikira malo m'gulumu, ndipo njati yake ili ndi nyanga zoyaka ngati mbaula. Masiku ano akumakhala m'munsi mwa chulu, kumandimwetulira.

Apa ndiye pandithera nzeru. Ndikakana mphatsoyi, ndanyoza eni mbumba, ndipo malo anga apita kwa Abdulrahim. Ndikaimwetsa n'kuika zomwe akufuna, njati sidzanyamulanso munthu, komanso ine kumenya sindikudziwa, zala zanga zinazolowera handulo. Ndidzachita manyazi kawiri. Dalesi amandiseka, akuti sanaonepo mwamuna akuonda chifukwa cha ng'ombe yosadya udzu. Koma dzana atatha kuseka anandiuza kuti, "Achimwene ayamba kufika pakhomo pano ndi milamba m'manja chifukwa cha chulu chimenecho. Musawathawitse." Zimenezo n'zoona, ndipo n'zimene zikundiopsa. Gemu ndingathe kuisiya, koma sindifuna kubwerera kokatenga mipando.

Ndiimwetse kapena iyayi? Ndikaimwetsa ndiike chiyani?

W.F., Chikweo, Machinga.

A W.F.,

Ndaseka, sindikubisirani, makamaka pa njati yogogoda pachipata ngati mlendo wofuna madzi akumwa. Pagome langa pamabwera nkhani za mitala, za apongozi, za amuna otayika ku Joni, koma ng'ombe ya m'foni ndi inu woyamba kundikokera. Ine sindinakwerepo njati, ndiye poti safunsa anadya phula, kalata yanu ndinaionetsa Eliza, mnzanga wa muofesi muno amene nthawi yopuma amaithera pa magemu oterewa. Za nyama ndi nzeru zake, za alamu ndi zanga.

Tiyambe ndi pomwe mwalakwa, chifukwa mwalakwadi. Munaitanidwa kunkhondo inu n'kukonzekera ulendo wa ku Ngokwe ndi matumba a thonje. Njati ndi nyama yamutu, ndipo gulu likaona njati pakati pawo limayembekezera kuti chipata chigwa. Kuisiya yopanda chida ngakhale chimodzi kunali kuwanamiza anzanu. Pamenepo a Latifu sananame, kungoti akanatha kukuuzirani pambali.

Koma nawonso akulakwa pofuna kuti mukhale ngati wina aliyense. Eliza akuti gulu lomwe onse asanu asankha ukali limaoneka bwino poyamba, kenako limagwa limodzi ngati mapesi, chifukwa palibe wotola mnzake. Luso la nyama sasankha poona chomwe chikuwala. Umayamba wadzifunsa kuti ntchito yanga m'gulu ndi yotani, nkhondo ikachitikira pamalo otani, ndipo zala zanga zimatha chiyani. Inu mayankho muli nawo kale. Ndinu wonyamula, pabwalo pali dambo, ndipo kumenya simudziwa. Mukaika nyanga, chipumi ndi ukali mudzangokhala Abdulrahim wosatha nkhondo, pomwe Abdulrahim weniweni ali m'munsi mwa chulu.

Tsono chitani chonchi. Botololo landirani ndi manja awiri ndipo imwetseni njatiyo. Madziwo amafufuta mipata yonse itatu, koma palibe lamulo loti zomwe zafufutidwa musazibwezere. Bwezerani Msana Wotakata, chifukwa ndiwo ntchito yanu. Bwezerani Ziboda Zogwira, chifukwa wonyamula wotitimira m'matope amapha anthu awiri. Chochotsa ndi Mpweya Wautali. Umenewo ngwaulendo, ndipo nkhondo ya pachulu simatalika ngati msewu wa ku Nkaya. Pamalo pake ikani Chipumi Chachitsulo. Nyanga Zamoto zisiyeni, zimafuna munthu wodziwa kulasa, pomwe chipumi chimangofuna kuloza chipata n'kuthamanga molunjika, ndipo wakabaza aliyense amene mabuleki anamuthera pamtsetse ntchito imeneyo amaidziwa. Musakopeke ndi zina zomwe mudzaone mipata ikadzatseguka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo botolo lina mulibe.

Mukatero musadikire Loweruka. Kwerani pachulu tsiku lapakati pasabata, kulibe anthu, mukayesere kugunda zipata m'mabwalo ophunzirira mpaka mudziwe mtunda woyambira kuthamanga. Mudzaona kuti njati yayamba kutopa msanga, ndiye phunzirani kuipumitsa pafupi ndi pomwe nyalugwe wa alamu anu amakonda kugwera. Malowo mukuwadziwa kuposa iwo eni.

Chovuta si foni, ndi pakamwa. A Latifu muwauze musanamwetse, osati adzangoona okha nkhondo itayamba. Musawauzire pachulu anthu akumva, chifukwa mkulu wa mbumba akatsutsidwa pagulu amaumirira ngakhale akudziwa kuti walakwa. Apezeni akuchokera kunyanja, muwanyamulire dengu, muthokoze mphatso, kenako munene kuti chipumi muika, chipata chigwa, koma msana mukuusiya chifukwa cha iwo. Afunseni mwaulemu kuti nyalugwe akadzagwa Loweruka adzaitana ndani. Musawayankhire. Asiyeni alingalire dambo lija ali wapansi, Abdulrahim akuwadutsa ndi nyanga zake zoyaka popanda pokhala munthu.

Pali china chomwe mwalemba nokha koma simunachione, chifukwa mantha akuphimbani m'maso. Munthu wofuna kukuchotsa m'gulu sakupatsa botolo lake lokhalo. Akanafuna Abdulrahim akanangomukodola, ali pafupi ndipo sakufuna madzi a wina aliyense. A Latifu asiya nyalugwe wawo wosalimba momwemo nyengo yonse kuti inu mukhalebe pathumba paja. Amuna ena mawu oti ndimakufuna sawatha, amangokuponyera botolo n'kukutcha ngolo. Dalesi anaziona kale zimenezi pa milamba ija, n'chifukwa chake akuseka osadandaula.

Akakanabe n'kupereka malo kwa msuweni wawo, musakwiye ndipo musasiye kuwapatsa moni. Ndikukayika ngati angapirire ma Loweruka awiri akuyenda wapansi.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Njati ya m'foni sigula sopo, choncho kasitomala asaime padzuwa ndi ufa wake inu muli pachulu, ndipo Dalesi asamalankhule ndi pamwamba pa mutu wanu inu mutaweramira foni. Chachiwiri n'chachikulu. Loweruka nyalugwe adzagwa ndithu, ndipo mudzamva kuti "Alamu, kuno!" Pamenepo mtima udzafuna kubwezera, kufunsa ngati akufuna ngolo. Lumani lilime. Pitani, akwezeni, dutsani nawo padambo, ndipo mukafika kumsasa musawakumbutse, lero kapena mawa. Thumba limene anakusendererani lija n'laling'ono, silikwana anthu awiri ndi matama.

Aphungu.