Zikhomo za tenti pa ndege ya alamu

Loweruka. Kwatentha, ndipo tsiku lonse landithera m'manyazi.

Alamu anga a Tembo amaliza kulumikiza kandege kawo kamene kanabwera m'mabokosi. Anandituma kusitolo ya ku Cannington, kuno kudziko la eni, kukagula zingwe ndi zikhomo zomangirira kandegeko pansi, kuti mphepo ya masana isakagubuduze. Zingwe ndinasankha bwino, ndinachita kuyeza. Koma wogulitsa atafunsa kuti ndikamangira chiyani, ndinaopa kusekedwa. Ine wa Sitandade 8, Chingerezi chothyokathyoka, ndinene kuti ndege? Ndinati tenti. Anandipatsa zikhomo za tenti.

Kubwalo la ndege ndinazikhoma mumchenga mosamala kwambiri. Alamu anagwira chimodzi ndi zala ziwiri, chinazuka ngati udzu.

Anandifunsa kuti, "Alamu, mukufuna kauluke kokha ine ndili kunyumba?"

Anaseka mpaka misozi. Bola akanandikalipira.

Akuti pamafunika zikhomo zazitali zopotana, zolowa pansi mozungulira. Kandege takasungitsa m'shedi ya mnzawo, koma mwini wake akufuna malo ake Lolemba. Mawa ndibwerera kusitolo. Ndayeseza m'bafa zokanena, koma ndikangoganiza mzere wa anthu kumbuyo kwanga...