Tsiku Limene Chingerezi Chinandithawa

Nathenje,
14 Okutobala, 2024

Okondedwa achemwali a Patricia,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Zomba pamodzi ndi alamu. Ife tadzuka, koma ine mtima sunakhale pansi kuyambira Lachitatu lapitali.

Mukudziwa kuti mjigo wathu unafa chaka chatha ndipo tikumwa madzi a kudambo. Lachitatulo kunabwera azungu awiri a bungwe lokumba mijigo, akuyendera midzi kuti asankhe poyambira. Wowamasulira anadwalira m'njira, ndiye amayi onse anati, "Everlyn alipo! Suja ankapambana mtsutso wa Chingerezi ku sekondale?" Ndinavomera mosaopa, mpaka ndinavala chitenje chatsopano.

Mzungu wamkazi anafunsa kuti vuto lathu lalikulu n'chiyani. Funsolo ndinalimva bwinobwino ndipo ndinawauza anthu. Elube, mnzanga woyandikana naye nyumba uja, anaimirira mwana ali kumsana. "Uwauze kuti mjigo unathyoka, tikumwera pamodzi ndi ng'ombe, ana akutsekula m'mimba."

Achemwali, ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Mjigo? Palibe. Dambo? Palibe. Kutsekula m'mimba, mawu amene ndinalemba pa mayeso a bayoloje n'kukhoza, osapezeka ngakhale chilembo choyamba. Mzungu akumwetulira, akudikira. Kenaka ndinangodzimva ndikunena mawu a ku Sitandade 1 aja, akuti tili bwino, zikomo, kaya inu.

Azunguwo anayang'anana, nalemba, natigwira chanza. Amayi onse aja anaimba nthungululu poganiza kuti ndawafotokozera zonse.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kuwalondola ku Mitundu, kumene ndinamva kuti anagona. Njira yonse ndinkakumba mawu m'mutu, moti liwu la madzi akuda ndinalipeza. Ndinafika atapita kale ku Lilongwe. Mlonda wa pamalo pamene anagonapo anati mijigo ayambira midzi ya kufupi ndi Dzalanyama, poti ya ku Nathenje akuti ilibe vuto.

Kodi chinthu chimene munthu unachidziwa chimachoka chonchi osatsanzika? Chikwatiwireni sindinagwire buku, n'zoona, koma ndinkayesa kuti chili m'katimu chikundidikira.

Mlonda uja anandipatsa nambala ya ku ofesi yawo. Ndaimbako kawiri, koma akangoyankha pa Chingerezi ndimadula. Chonde, inu mumachiyankhula tsiku ndi tsiku kuntchito. Nambalayo ndailemba kuseri kwa pepalali. Muwaimbire, muwauze kuti womasulira analakwitsa. Dzina langa mulitchule ndithu.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti mafuta a miyendo aja anathandiza. Elube ali kuchipatala ndi mwana wake kuyambira dzulo, m'mimba momwemo. Pokwera njinga anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikupatseni moni, ndikuuzeninso kuti mng'ono wanu anawayankhulira bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Everlyn