Sabata ya Madesiki

9 Ogasiti

Okondedwa mlongo wanga,

Amuna anu, a Kanyambita, kalaliki wa malipiro uja ankayamba wanyambita chala asanapereke envulopu ya munthu, ndiwo anandilanda mwana. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti musavutike kuwafunafuna m'munsi. Moni ndikupatsani kumapeto, mpweya ukandilola.

Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi juzi. Zikomo, ikundikwana bwino. Koma mwalemba kuti zakale ndizisiye chifukwa alamu akalamba. Inenso ndakalamba, achemwali. Adokotala akuti fumbi la matabwa lija ladzaza m'chifuwa, ndipo ponena zimenezi sanandiyang'ane kumaso. Ndiye tcherani khutu, pakuti nkhaniyi inu munaimvera pakamwa pa amuna anu pokha.

Ku fakitale ya mipando, ife opala matabwa tinkalandira pa sabata, Lachisanu lililonse. Ndalama yake inali yochepa moti ngakhale msonkho unkatilambalala ngati sukutiona. Chaka china kunabwera ntchito ya madesiki a sukulu, yofunika msangamsanga. Sabata yathunthu tinagona pa utuchi, manja ali matuza okhaokha. Envulopu ya sabata imeneyo inatupa katatu. Inali sabata imodzi yokha, mlongo wanga, ndipo sinabwerenso.

Mwezi womwewo mabwana analamula kuti aliyense alembedwe malipiro ake a pa chaka. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachinayi, koma ndinamva kuti amatenga ya pa sabata n'kuchulukitsa ndi masabata 52. Alamu anangotola kapepala kanga kamene kanali pamwamba, ka sabata ya madesiki, n'kuchulukitsa. Papepala ndinasanduka munthu wolemera. Lachisanu lotsatira envulopu inabwera yoonda kuposa kale, msonkho utaluma.

Ndinalowa mu ofesi mwawo, chipewa chili m'manja.

"Alamu, mwachulukitsa sabata yolakwika."

"Aa, alamu! Ndakukwezani ulere, mukudandaulanso? Anzanu amapita kutchalitchi kukapempherera nambala imeneyo."

Atsikana otayipa anaseka.

"Chonde, ndikonzereni."

"Inki yauma, alamu. Pepala lakwera kale kwa akuluakulu. Mukufuna ndikauze bwana kuti masamu andivuta? Akandichotsa, mlongo wanu adya chiyani?"

Ndinatuluka chifukwa cha inu. Izi sanakuuzeni, ndikudziwa.

Za msonkho ndikanapirira. Koma chaka chomwecho mwana wanga woyamba, yemwe inu munkamubereka ali khanda, anakhoza kupita ku sekondale. Kunali thandizo la fizi la ana a anthu olandira zochepa, ndipo ankafuna kalata yochokera kuntchito kwa kholo. Kalatayo inatchula nambala ija. Anamubweza, akuti bambo ako ndi opeza bwino, upatse malo anzako. Mwanayo anafika pakhomo n'kuika pepalalo patebulo.

"Bambo, zina zonsezi zimapita kuti?"

Mayi ake anaima pachitseko. Ndinamuonetsa envulopu. Iye anati envulopu munthu atha kuitapa panjira. Ndiuzeni inu: pepala lachidindo ndi bambo wa utuchi m'tsitsi, mwana akhulupirire ndani?

Ndikudziwa zimene amuna anu amanena, zoti ine ndinkayenda ndi pepala la malipirolo m'thumba n'kumaonetsa anzanga pomwera, ndiponso zoti mwanayo anandipeza tsiku lina ndikulikupiza. Munthu amene sanaonepo dzina lake litagundana ndi nambala yotere sangaonetseko anzake kawiri katatu? Kodi anachulukitsa ndine? Imeneyo ndi nkhani ina.

Chaka chitatha analembanso aliyense, ndipo nambala yanga inatsika mwakachetechete, popanda wonena kanthu. Malo a kusukulu anali atapita. Desiki imene ndinaipala ndi manja angawa anakhalira mwana wa wina. Wanga ananyamula kachikwama, n'kukaphunzira zowotcherera zitsulo kwanu komweko. Mayi ake anamwalira akukhulupirira kuti ndili ndi nyumba ina kwinakwake. Pamaliro mwanayo anandipatsa moni monga amachitira kwa mlendo wobwera kudzapepesa.

Tsono mwalemba nokha kuti amabwera kwanu Lamlungu lililonse ndi ana ake, ndipo anawo amakwera pamiyendo pa amuna anu n'kumawatcha agogo. Ndinawerenga pamenepo katatu. Ine adzukulu amenewo ndimawadziwira pa chithunzi chimene munanditumizira, ndipo wamng'onoyo ali ndi makutu anga.

Mwatinso alamu masiku ano akuiwalaiwala, dzulo anafunsa magalasi ali nawo pamphuno. Inu mwalemba moseka, koma ine zandisowetsa mtendere. Tinali awiri pankhaniyi. Atsikana otayipa aja sindikudziwa kumene anathera, fakitale inatsekedwa. Alamu akaiwala, ine n'kupita, chotsala ndi nambala ija basi.

Ndalama sindikufuna. Msonkho wa chaka chija amene anadya anadya. Kupepesa sindikufunanso, ndikudziwa kuti khosi lawo silipindika. Ndikufuna chimodzi. Lamlungu likubwerali, mwana wanga akakhala pampando, ana muwatulutse panja, ndipo amuna anu amuuze ndi pakamwa pawo kuti: ndinachulukitsa sabata ya madesiki, bambo ako sanabise kalikonse. Akayamba zoiwala, muwafunse ngati inki ija idakali youma. Inu mukhale pomwepo, musapite kukhitchini. Ine ndinatseka pakamwa kuti inu mudye. Tsegulani panu kamodzi kokha.

Moni kwa ana anu onse ndi apongozi anu. Moni wa alamu ndausunga kaye mpaka Lolemba. Mwana wanga musamupatse moni wanga, angaubweze. Akamva mawuwo, mungomuuza kuti masiku ano chitseko sindikhoma.

Ine mlongo wanu.