Penti wa pa Wotchi ya Bambo

Lolemba, 5 Meyi

Bambo andiitananso kusanache. Nthawi ili bwanji. Funso lomwelo tsiku ndi tsiku, chonsecho wotchi ili pamkono pawo. Ndawayankha ndili pakhomo, osalowa.

Wotchi imeneyi ndinabadwa n'kuipeza. Anaigula atangoyamba ntchito yoyendetsa sitima, asanakwatire Amayi. Tili ana, ine ndi achimwene tinkailowetsa m'bulangete kuti tione manambala ndi mivi yake zikuwala mobiriwira. Pano penti uja wafiira ngati dzimbiri. Mumdima, bii.

Pomwa tiyi akuti, "Upite nayo akaipakenso. Ikuyenda bwinobwino, kungoti siikuwala."

Mayunifomu a ana a sukulu ali mbwee pa mashini. Singano yathyoka. Shuga watha.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndapita kwa wokonza mawotchi wa kuseri kwa sitolo ya nsapato, uja amamutcha Diso Limodzi chifukwa cha kagalasi kosachoka padiso. Kachipinda kongokwana iye ndi tebulo. Fungo la mafuta a makina.

Waitembenuza, waiika kukhutu, kenako n'kumayang'ana ine. Akuti kupaka n'kotheka. Koma penti wakaleyo ayenera kumupala yense, mosamala, poti fumbi lake si lofunika kulipuma. Ndipo akachoka wachoka. "Alipo anthu ogula mawotchi otere, mayi. Chimene amalipira ndi kufiiraku. Mukaipaka, kwa iwo yatha ntchito."

Ndinaseka. Ukalamba wa wotchi uli ndi ogula. Wa mwiniwake ndimauchapa ndekha m'beseni m'mawa uliwonse.

Wati ndikaganize kaye. Ndabwerera nayo.

Loweruka, 10 Meyi

Pakamwa pangapa. Dzulo pa foni ndinatchulako nkhaniyi kwa achimwene, mongocheza. Lero ali pano. Munthu amene sanapondepo pakhomo pano chaka chino, amene Bambo atadwala chifuwa chija anangotumiza uthenga wa pepani. Abwera ndi malalanje. Alamu atsala m'galimoto, akuti mutu.

Achimwene anakhala pa bedi n'kugwira dzanja la Bambo. Bambo kumwetulira, mpaka ine mtima kufewa. Kenako ndinaona kuti akuwatembenuza mkono kuti kuwala kwa pawindo kugwere pa galasi la wotchi. Foni m'manja, zithunzi zambirimbiri. Cha nkhope ya Bambo, palibe n'chimodzi chomwe.

Kukhitchini, motsitsa mawu: "Usaikhudze. Ndi katundu wa banja, si wako. Ndili ndi munthu wodziwa zimenezi." Sanapitirize. Ine sindinafunse.

Katundu wa banja. Ndowa ya pansi pa bedi nayonso ndi ya banja, koma sanaijambule.

Lamulungu, 11 Meyi

Dzulo pamaso pa mwana wawo wamwamuna, Bambo: "Zoona, zakale n'zakale, isiyeni." Galimoto itangokhota pa msewu: "Ndiye upita nayo liti?"

Moyo wonse ndi choncho. Iye amamva zimene akufuna kumva, ine ndimatumidwa.

Kutchalitchi sindinapite. Mabulangete sanaume. Malalanje aja ndi owawasa, Bambo adya limodzi n'kumayamikira tsiku lonse.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndaisiya kwa Diso Limodzi. Wandifunsa mobwereza ngati a kunyumba agwirizana nazo. Ndati mwiniwake ali moyo ndipo pakamwa ali napo.

Ndalipira ndi ya mayunifomu. Nsapato zanga zidikira.

Pobwerera mtima unali wopepuka, ndipo sindinkaganiza za Bambo ayi. Ndinkaona nkhope ya achimwene. Ndinagula ngakhale kabotolo ka chakumwa, n'kumwera pa msewu ngati munthu wolandira malipiro.

Pamkono pa Bambo patsala mzere wotuwa pomwe pamadutsa lamba. Angokhalira kupapasa pamenepo.

Lachiwiri, 20 Meyi

Yatha. Diso Limodzi anaiyanika kaye pa nyale, kenako anatifunditsa nsalu yakuda tonse awiri. Kuwala kuja kwenikweni, kwa m'bulangete. Misozi inalengeza, sindinayembekezere. Koma nditatuluka nayo padzuwa, manambala ali mbee pa nkhope yokalamba. Ngati mano oikirira.

Kunyumba ndinatseka makatani ndi chitseko, n'kuwamanga lamba. Anaiyandikitsa mpaka kukhudza mphuno. Kenako, "Eya. Yabwerera."

Ndinawafunsa kuti nthawi ili bwanji. Anati ikuthamangira leveni. Inali itangopitirira folo.

Sindinawatsutse. Ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Lachisanu, 23 Meyi

Si penti. Sanali penti n'kale lomwe. Ng'ala ija adokotala anaiona chaka chatha ku diso lamanja, pano yagwira onse awiri. Ndimadziwa, ndine ndinawaperekeza. Anati pafunika opaleshoni, odikira ndi ambiri, mukafuna msanga pitani kolipira. Tinabwerako n'kuisiya nkhaniyo pa mpando wa basi. Kupaka wotchi ndiye kunali kofikirika.

Asiya kundifunsa nthawi. Akufuna ndione kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Lero ndawapeza atavala jekete ndi nsapato, ali pa mpando akudikira tiyi, mumsewu musanayambe kuyenda munthu. Akuti wotchi yati seveni.

Ndinawapangira tiyiyo. Ndikanatani.

Lamulungu, 25 Meyi

Achimwene. Anaona pamkono asanapereke n'komwe moni. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandiitanira kuseri, pa chingwe choyanikira zovala.

Akuti munthu wawo uja anali atavomera kugula. Akuti ndalamayo inali yokwana opaleshoni ya maso onse awiri kolipira. Akuti ankafuna zitheke kaye asanatiuze, kuopa kuwapatsa Bambo chiyembekezo chabodza. "Wawagulira nyale n'kuwalanda maso."

Ndinati bwanji simunanene kukhitchini kuja. Anati, "Unafunsa?"

Mwina ndi bodza. Ndimawadziwa. Firiji ya Amayi inapita kokakonzedwa pa galimoto yomweyi, mpaka lero ikukonzedwabe. Mwina ndalamayo ikanathera ku matayala ndi tsitsi la alamu. Koma anatchula dzina la dokotala wa maso, ndi tsiku lomwe amaona odwala. Munthu wonama amafufuza zimenezo?

Pochoka anatsanzika Bambo bwinobwino, kuwauza kuti wotchi yakongola. Sindinadye.

Lachitatu, 28 Meyi

Wogula waona zithunzi zatsopano. Wakana. Achimwene anditumizira uthenga wakewo momwe ulili, osawonjezapo liwu lawo.

Mayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzazonda. Bambo kuwatambasulira mkono: "Mwana wanga wamkazi uyu ndiye wachita izi. Ena amangojambula."

Ndiye kuti ankadziwa za zithunzi zija.

Mawu ngati amenewa ndakhala ndikuwadikira kuyambira ndili pa sukulu. Ndinawadikira nditabwerera kuno ukwati utatha, ndinawadikira pa maliro a Amayi. Abwera lero. Ndinatuluka kukaima panja mpaka alendo atapita.

Diresi la mkazi wa aphunzitsi ndalidula molakwika. Nsalu ndiyenera kugula ina.

Lachitatu, 11 Juni

Sindinalembe. Panalibe manja.

Bambo anagwa Lamulungu lapitalo pa sitepe yolowera kubafa, masana dzuwa likuswa mtengo. Sanaione. Chibwano asoka. Tili pa benchi ya kuchipatala, magazi ali pa kolala, iwo n'kumafunsa ngati galasi la wotchi silinasweke. Achimwene foni sakuyankha. Alamu anayankha kamodzi, akuti ali ku msonkhano.

Lero ndinabwereranso kwa Diso Limodzi. Ndinazungulira kaye, kufunsa za malamba, za mabatire a mawotchi ena. Kenako ndinafunsa chimene ndinapitira: ngati penti watsopano angamukalambitse, aoneke ngati uja tinapala.

Anachotsa kagalasi kaja padiso, koyamba kumuona nkhope yonse. "Kukalambitsa ndimatha, pali mankhwala ake. Koma isamawalenso, poti yakale siwala. Wosadziwa sangasiyanitse, wodziwa mwina. Pogulitsa mukanama nokha, mayi. Ine ndisamveke."

Wogula uja waiona kale, ndiye pafunika wina. Achimwene angamupeze. Ndikawauza avomera msangamsanga, ndipo chimenecho ndi chomwe chikundinyansa. Tikhala anthu amodzi tsopano.

Ndamuuza Diso Limodzi kuti ndibwera Lachisanu. Anabwezera kagalasi kake.

Madzulo nditawasambitsa Bambo ndinawamanga wotchi mozondoka, osati dala, kutopa. Sanazindikire. Anakweza mkono cha kumene kumamveka mawu anga, bandeji ili pachibwano. "Taona, mayi, ngati yatsopano." Ndinati eya, Bambo.

Ndiwauza kuti lamba watha, afunika kusintha, ndi za tsiku limodzi. Kapena kuti galasi lachita mng'alu pogwa paja. Ikapita kwa wogula ndiye sindikudziwa. Pa msika pali zina zotchipa, zolemera mofanana, lamba ndingachotse yemweyu poti ndi amene zala zawo zimamudziwa. Malinga izilira kukhutu. Sangathe kuona kuti si yomweyo.