Makobidi Anu Tawatsuka

Amayi, kodi kumene munapitako mukukhalako bwanji? Ine Enelesi wanu ndili bwino, kungoti bondo lija munkaliseka kuti ndi la ulesi tsopano likupweteka zenizeni. Ndikamatsika kukapikula matemba ku Kachulu ndimayenda monga munkayendera inu, ndipo palibe wondimvera chisoni.

Mng'ono wanga Felesiya wabereka mwana wamkazi. Watenga mphuno yanu ndi liwu lanu, akalira ngakhale nkhuku zimachoka pakhonde. Mpunga ku Likangala tinakolola ndithu, mbalame zitayamba zadya gawo lawo. Nyanja yabweranso pafupi, nsomba zikupezeka. Mbuzi yanu yamakani ija ikadali moyo, sabata yatha inadya sopo wa abusa.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi chiliza chanu. Manda anu akadali mtumbira wadothi, ndipo mvula iliyonse ikuwatsitsa. Anzanu onse amene mwagona nawo mzere umodzi anawamangira. Amayi a kumpingo amangoyang'ana manda anu kenako n'kuyang'ana nsapato zanga. Zimandipweteka, Amayi, ndipo simenti ikukwera mtengo ngati ili ndi miyendo.

Ndiye mvula yomaliza ija inagwetsa khoma la khitchini yanu. Tikuchotsa zidina, khasu linagunda chitini cha mkaka chomwe munamatira m'khomamo. Kutsegula, makobidi okhaokha! Ena obowoka pakati, ena a mutu wa mfumukazi ya azungu, matiki, masheleni, matambala akale aja, ena a ku Mozambique. Onse anali akuda bii, ena obiriwira ngati mwala wa padooko. Simunatiuzepo, inu amene munkati m'nyumba mwanu mulibe chobisika.

Achimwene a Jailosi atamva anapalasa njinga kuchoka kuchikamwini kwawo, osamwa n'tiyi yemwe. Anati makobidi obowoka akufunidwa ndi anthu akunja, ndipo limodzi lokha likhoza kugula galimoto. Ndinawafunsa amene anagulapo galimotoyo. Anati ndi msuweni wa mnzawo wina, koma anasamuka. Komabe mawu okoma salowa movuta. Tsiku lomwelo m'maganizo mwathu chiliza chanu chinali chitakhala cha matailosi, chofolera ndi malata kuti musamanyowe. Achimwene anapita mpaka kukafunsa mtengo wa injini ya boti, chonsecho boti alibe. Anapezanso pa foni bambo wina wa ku Zomba wodziwa kuona ndalama zakale, ndipo tinasonkherana ya minibasi kuti abwere.

Apa mumvetsere bwino, chifukwa mlandu ukubwerawu ndi wanu. Paja munkati, "Mlendo asaone mwaye pa poto, angakaulalike kwawo." Ana anu tonse tinamva, koma Felesiya anachita kumeza. Tsiku lobwera mlendoyo ine ndinalawirira ku Kachulu kukatenga nsomba. Pobwera ndinaona pathandala pakunyezimira, ndinayesa wina waswa galasi. Felesiya anali atakhala pansi, mwana kumsana, ndi mchenga, phulusa ndi mandimu. Anakwecha kobidi lililonse mbali zonse ziwiri. Pena mfumukazi ija inatsala yopanda mphuno. Kunena zoona ine ndinamuyamikira, achimwene anati tsopano mtengo wawirikiza.

Bamboyo anafika masana pa kabaza, atavala jekete dzuwa lonse lija. Tinamuphera nkhuku, anadya mpaka khosi. Atasamba m'manja anatulutsa kagalasi koonera zinthu zing'onozing'ono, Felesiya n'kubwera ndi lichero la makobidi atagwada mwaulemu wonse. Bambo uja anayang'ana, anavula magalasi ake, anawapukuta, n'kuyang'ananso. Kenako anagwira kumutu.

"Ndani wachita zimenezi?"

"Ndine, bambo," anatero Felesiya akumwetulira. "Pepani, mandimu anachepa."

Amayi, munthu wamkulu uja anatsala pang'ono kulira. Anatifotokozera kuti ogula ndalama zakale amafuna zikhale ndi kuda kwake komweko, chifukwa ukalamba wake ndi umene amalipira. Ukazitsuka wazipha. Anati za galimoto zija ndi nkhambakamwa za m'minibasi, ngakhale zikanakhala zosatsuka. Koma munali makobidi angapo osowa amene akanatigulira simenti yokwana chiliza chabwino. Anatola limodzi n'kulionetsa kudzuwa, akupukusa mutu monga amachitira munthu poona nkhope pamaliro.

Felesiya sanagonje msanga. "Ndiye kuti anthu ophunzira amagula litsiro?" Bamboyo anavomera. "Bwerani kuseri kuno, bambo, madzi otsukirawo sindinataye."

Achimwene sanaseke. Anayamba kukalipa kuti akazi a pakhomo pano amakwecha chilichonse chosathawa. Felesiya anawayankha kuti mwina akanawakwecha iwowo akanapeza nzeru pansi pake. Anthu anali atadzaza kale pabwalo, poti achimwene anali atalengeza msika wonse kuti tikulemera. Bamboyo pofuna kuthawa anatchula mtengo wa lichero lonse. Sindiulemba, mungadzuke. Sunkafika ngakhale pa nkhuku imene anadya tikaphatikiza ndi ya minibasi. Tinawerengera madzi a mphutsi, Amayi.

Achimwene anati tingogulitsa, chochepa n'chochepa chomwecho. Onse anayang'ana ine, poti nyumba yanu munasiyira ine. Ndinatenga lichero lija n'kuliika pamiyendo, ndipo pamenepo m'pamene ndinakumbukira kumene munkazitenga ndalamazi.

Ndili mtsikana ndinkakuthandizani kugulitsa thobwa ndi zitumbuwa padooko. Pankabwera asodzi amene nyanja yawamana, ena ochokera kutsidya, milomo itauma. Munthu ankapisa m'thumba nthawi yaitali n'kutulutsa kobidi loti linasiya kugwira ntchito ine ndisanabadwe. Inu munkalilandira ndi manja awiri, n'kumuthirira chikho chodzaza. Ine ndinkapsa mtima. Ndinkakunong'onezani kuti akuberani, inu n'kundiponda phazi. Tikafika kunyumba munkangoti, "Ndalama siikalamba, chimakalamba ndi boma." Ndinkaganiza kuti simudziwa kuwerenga ndalama. Ndakula mpaka kumera imvi ndisanazindikire kuti munkadziwa bwino lomwe. Munkafuna kuti munthu wanjala amwe ngati wogula, anzake asamuone akupempha.

Ndinalira pamaso pa anthu onse aja, ndipo bamboyo anayesa ndikulirira mtengo, mpaka anawonjezerapo pang'ono. Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti sitigulitsa. Anakwera kabaza wake mofulumira, Felesiya akumuthamangira ndi mpunga wa m'kathumba, poti mlendo sabwerera chimanjamanja ngakhale atakukhumudwitsa.

Tsono tagwirizana chonchi. Njerwa tiumba tokha, achimwene avomera kuponda dothi kuti alipire injini yawo ija. Simenti igulidwa ndi mbuzi yanu. Musadandaule, abusa anena kuti mbuziyo aigula okha, ndipo ndikuona kuti ali nayo chifukwa. Matailosi ndi malata muiwale. Koma simenti ikadali yaiwisi, tidzamata makobidi anu onse pamwamba, kuzungulira dzina lanu. Achimwene anada nkhawa ndi akuba. Ndinawakumbutsa kuti Kachulu yense anamva ndi makutu ake kuti makobidiwa ndi opanda ntchito, ndiye palibe angataye nthawi kubwera ndi tchizulo. Felesiya walonjeza kuti azidzawakwecha chaka chilichonse, ndipo ulendo uno palibe womuletsa.

Mundikhululukire kuti mwadikira nthawi yaitali pansi pa dothi lokhalokha. Ndimakusowani, Amayi, makamaka ndikapsa mtima pamsika popanda wondiponda phazi. Dzulo mnyamata wina wa m'boti anandipatsa ndalama yong'ambika pakati, yoti ngakhale banki ingaikane, akufuna matemba a ndiwo. Pakamwa panga panatseguka kale kuti ndimulalatire. Ndinatseka, ndinalandira ndi manja awiri.

Mvula isanagwe chiliza chanu chikhala chitaima, chimenecho ndalonjeza. Mupereke moni kwa abambo, koma za nkhuku ija musawauze.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Enelesi